Mtchona ndi Mau Ake: Kusamuka ndi Chikumbukiro m'Mabuku Ena a ku Malaŵi

1. Mau oyamba

Pepala lino likuunika mabuku angapo, ena a nkhani zopeka ndi ena a nkhani zochitikadi, amene akamba za anthu ochoka kwawo: ena oloŵa m'Malaŵi kuchokera ku maiko ena, ena otuluka m'Malaŵi kunka ku ntchito kumwera. Funso limene tifuna kuliyankha ndi limodzi. Anthu akasamuka, ndipo chinenero cha makolo chikayamba kuzilala m'kamwa mwa ana awo, chikumbukiro cha kwawo chimakakhala poti? Tidzayesa kusonyeza kuti mabuku ameneŵa, ngakhale adalembedwa ndi anthu osiyana pa nthaŵi zosiyana, aloza kumodzi. Chikumbukirocho chimabisala m'mau oŵerengeka, monga maina a anthu ndi a malo, maina a maudindo, ndi mau a ku ntchito ndi a pa mwambo, amene amaloŵa m'chinenero cha eni dziko ndi kukhazikikamo kufikira chiyambi chake chitaiŵalika.

Wina angafunse kuti nkhani ya mabuku yaloŵa bwanji m'mapepala a akatswiri a zinenero. Yankho ndi lakuti okonza mtanthauziramau, olemba mabuku a sukulu, ndi olangiza boma za zinenero za pa wailesi, onseŵa amaweruza tsiku ndi tsiku kuti liu ili ndi lathu, ilo ndi lachilendo. Asanaweruze ayenera kudziŵa chimene liu lachilendolo lanyamula.

2. Liu lakuti mtchona

Tiyambe ndi liu limene lidzatitsogolera. Mtchona ndi munthu amene adapita ku ntchito kunja nakhalitsa komweko, osabwerera, mwina osatumiza ndi kalata yomwe. Mneni wake ndi kutchona. M'Chindebele muli mneni tshona, ndipo m'Chizulu muli shona, onse aŵiri otanthauza kumira kapena kuloŵa kwa dzuŵa. Azulu amanenanso liu lomweli pofuna kutchula imfa mwaulemu. Kufanana kwa mau ameneŵa ndi kutchona, m'kamvekedwe ndi m'tanthauzo momwe, nkwakukulu kotero kuti tiyenera kuliyesa liu lathuli lobwera ndi apaulendo ochokera kumwera. Chizindikiro china chili m'kachulukitsidwe. Maina a anthu opangidwa kuchokera kwa aneni amachuluka ndi a-, monga mlimi, alimi, msodzi, asodzi, mlembi, alembi. Koma apa timati matchona, ndi ma- amene atikumbutsa ama- wa zinenero za Chinguni. Ngati zili choncho, dzina limene mudzi udapatsa ana ake osabwerera lidafika m'mudzimo m'kamwa mwa anzawo amene adabwerako.

Ulendowo udali waukulu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pamene boma la Atsamunda lidaika msonkho wa nyumba, amuna adayamba kunka ku Halale ndi ku Joni, ena paokha, ena polembedwa ndi Wenela, ndipo pambuyo pake ndi Mthandizi. Komiti ya boma ya 1935, imene adaitsogolera Travers Lacey, idayerekeza kuti anthu a ku Nyasaland okhala kunja adali pafupifupi 120,000. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi a m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000, kufikira mu 1974 pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, ndipo Dr. Banda adaletsa kulemba anthu. Ntchitoyo idayambanso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, nitheratu mu 1988. Zaka zimenezi zidasiya m'Chicheŵa mau monga mgodi, chibalo, fosholo, komboni, Theba, ndi selufu, ulendo wa munthu wopita yekha wosalembedwa ndi bungwe. Tiyeni tione tsopano mmene alembi adauonera ulendowo.

3. Ntara: ulendo wa makolo ndi ulendo wa ana

Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma, adalemba buku la Nthondo limene lidapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures. Lidasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalipatsa mutu wakuti Man of Africa. Nkhani yake itsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa: ubwana wa m'mudzi, unyamata wosamvera, ulendo wokafuna ntchito kwa Azungu, kubwerera, ufumu, ndi kutembenuka mtima kuloŵa Chikhristu.

Chofunika kuona ndi malo amene ulendo wapatsidwa m'nkhaniyi. Waikidwa pakati pa kusamvera ndi kulapa, ngati chigwa chimene munthu ayenera kudutsa asanafike pa chitunda. Ubwino wonse uli m'kubwerera. Woŵerenga, ngakhale atsagane ndi Nthondo panjira, mtima wake umakhala utatsala kumudzi, kudikira tsiku limene wapaulendoyo adzatula katundu pakhomo. Kalembedwe kotere kadagwirizana ndi nkhaŵa ya amishoni ndi mafumu a nthaŵi imeneyo, amene adaona midzi ikutsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba, ndiponso kagwirizana ndi mwambi wathu wakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma pa chifukwa chomwecho Nthondo sali mtchona. Bukulo lilibe malo a munthu amene adapita nakakhazikika, nakwatira, nabereka ana, nakumbukirabe kwawo ali kutali.

Ntara yemweyo, m'zaka za m'ma 1940, adalemba Mbiri ya Acheŵa pofunsa akuluakulu a m'midzi, ndipo bukulo lidatuluka m'Chingerezi mu 1973. M'mbiri ya Acheŵa kusamuka ndiko maziko a mtundu. Mwambo umati makolo adachokera ku Uluwa, nayenda ndi kugona m'njira mibadwo ingapo asanakhazikike kumene ali lero. Palibe amene amawatcha makolowo matchona, ngakhale kuti sadabwerere kumene adachokera. Ulendo wa makolo ndi ulemerero, ulendo wa ana ndi kusokera. Chosiyanitsa ndi kutalika kwa nthaŵi, ndiponso malo amene wosimbayo waima. Mbiri ya makolo isimbidwa ndi zidzukulu za amene adafika. Nkhani ya Nthondo isimbidwa ndi amene adatsala.

Tionenso chimene akuluakulu aja adasunga. Chinenero cha ku Uluwa sadachisunge. Adasunga maina: a malo, monga Kaphirintiwa, Msinja ndi Mankhamba, a maudindo, monga Kalonga, Nyangu ndi Makewana, a mafuko, monga Phiri ndi Banda. Pa maina ameneŵa ndi pamene mbiri yonse yapachikidwa. Umenewu ndi umboni woyamba wa mfundo yathu.

4. Kayira: dzina losiyidwa ndi dzina losamasuliridwa

Legson Kayira adalemba mbiri ya moyo wake ndi nkhani zopeka zomwe, chotero atipatsa mpata woyerekeza mitundu iŵiriyi m'dzanja limodzi. Adabadwira m'dera la Chitipa, naphunzira ku Livingstonia. Mu 1958 adanyamuka kuloza kumpoto pa ulendo wautali, wambiri wake wapansi, nafika ku Khartoum mu 1960, ndipo pochoka kumeneko adakaloŵa Skagit Valley College ku America. Buku la ulendowo, I Will Try, lidatuluka mu 1965.

Kwa wophunzira zinenero, mbali yogwira mtima m'bukuli ndi nkhani ya dzina. Kayira asimba kuti dzina lake la ubwana lidali Didimu, dzina la mtsinje umene mai ake adamponyamo ali khanda iye napulumutsidwa, ndi kuti dzina lakuti Legson adadzipekera yekha pa sukulu kuti limveke ngati la Chingerezi. Kusamuka kwake kudayambira m'dzina phazi lisanaponde msewu. Dzina loyambalo lidanyamula malo, njala ya pakhomo, ndi chifundo cha womuvuula; lachiŵirilo lidaloza kutsogolo kokha. Ngakhale mutu wa bukulo ndi mwambi wa sukulu yake. Tsono I Will Try ndi Nthondo wotembenuzidwa: kwa Ntara chipulumutso chili m'kubwerera, kwa Kayira chili m'kuchoka. Ndipo popeza bukulo lidalembedwa m'Chingerezi kaamba ka oŵerenga a kutsidya kwa nyanja, zinthu za kumudzi zimafotokozedwa monga mmene munthu amafotokozera mlendo. Mwini mudzi akaliŵerenga amaona kwawo ndi maso obwereka.

M'buku lake lopeka la Jingala, la mu 1969, Kayira adapenya mozama kuposa apo. Jingala ndi bambo wachikulire, wokhometsa msonkho wopuma pa ntchito, amene ataya anthu aŵiri amene adaikapo mtima: mwana wake Gregory, wofuna unsembe wa Chikatolika, ndi Liz, mtsikana amene adayembekeza kumkwatira, wotengedwa ndi mwamuna wobwera ku migodi. Njira ziŵiri zotulukira m'mudzi, sukulu ndi mgodi, zakumana pakhomo pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi amene kale adatolera msonkho womwe udali kutulutsa anyamata m'midzi. Mwamuna wa ku migodiyo dzina lake ndi Muchona. Kayira sadamasulire liuli, adalisandutsa dzina. Mngerezi akaŵerenga amva dzina chabe, koma Mmalaŵi amva chiweruzo cha mudzi wonse. M'buku la Chingerezi, liu limodzi losamasuliridwa lasunga zimene ndime zambiri zofotokozera sizikadatha kusunga. Tisaiŵale kuti mlembiyo mwini adakhazikika ku England kufikira imfa yake mu 2012, ndipo pa muyeso wa kumudzi iyenso adali mtchona.

5. Angoni: ana a atate awo, chinenero cha amai awo

Titembenukire tsopano kwa anthu amene kusamuka kwawo kudathera m'Malaŵi. Angoni a Zwangendaba adachoka kumwera m'nthaŵi ya nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi mu November 1835, pa tsiku la kadamsana. Angoni a Maseko adadzera njira yawoyawo nadzakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu 1891 W. A. Elmslie wa Mishoni ya Livingstonia adasindikiza galamala ya Chingoni, pakuti chinenerocho chidali kumvekabe m'midzi ya mafumu. Koma pamene Mbusa Yesaya Chibambo adadzalemba mbiri ya mtundu wake, adailemba m'Chitumbuka, ndipo Charles Stuart adaimasulira m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu wakuti My Ngoni of Nyasaland. Mbiri ya ogonjetsa idalembedwa m'chinenero cha ogonjetsedwa.

Chifukwa chake nchodziŵika. Angoni adakwatira akazi a mitundu imene adaipeza m'njira ndi kumene adakhazikika, ndipo mwana amaphunzira kuyankhula ali kumsana kwa mai wake. Chotero ku Mzimba kudapambana Chitumbuka, ku Ntcheu ndi ku Dedza Chicheŵa, ku Chipata Chinsenga. Margaret Read, amene adachita kafukufuku pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 mothandizidwa ndi Chibambo yemweyo, adalemba The Ngoni of Nyasaland mu 1956 ndi Children of Their Fathers mu 1959. Iye adapeza chinenero chakalecho chitatsalira makamaka m'nyimbo, m'mau otamanda mafumu, ndi pa miyambo.

Mabuku a Chibambo ndi Read ndi amtengo wapatali, koma ali ndi chilema chimodzi. Onse aŵiri aima kumbali ya mabanja achifumu, ndipo chikumbukiro chimene asunga ndi cha mzere wa atate. Mutu wa buku lachiŵiri la Read unena za ana a atate awo, pamene ana omwewo adali kuyankhula chinenero cha amai awo. Amai amenewo, ambiri a iwo ogwidwa pa nkhondo ndi kuchotsedwa kwawo mokakamiza, ndiwo adasamutsidwa koposa onse, ndipo ndiwo adatsimikiza chinenero cha mibadwo yotsatira. Koma m'mabukumo iwo ali m'mphepete. Umboni wawo waukulu ndi chinenero chenichenicho chimene zidzukulu zawo zimayankhula.

Nanga za atate chidatsala nchiyani? Adatsala maina a mafuko, monga Jere, Maseko ndi Ngwenya. Maina a malo okhala ndi e- kumayambiriro ndi -eni kumapeto, amene m'zinenero za Chinguni asonyeza malo, monga Ekwendeni, Embangweni ndi Edingeni. Ndi mau monga inkosi, ingoma, lobola ndi nduna. Liu lotsirizali lidayenda ulendo wautali kuposa onse. Induna idali mlangizi wa inkosi kapena mkulu wa ankhondo. M'Chicheŵa nduna idasanduka mkulu woyang'anira unduna wa boma. Munthu akamva pa wailesi za nduna ya zamaphunziro samvamo kuoloka kwa Zambezi. Liu lapulumuka, mbiri yake yagona.

6. Alomwe: dzina lokanidwa

Alomwe adayamba kuloŵa ambiri kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi zaka zotsatira, pothaŵa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhondo za Apwitikizi. Ambiri adafikira pa minda ya Azungu ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, kumene adalipira malo okhala ndi ntchito ya manja awo. Dzina la dongosolo limenelo ndi thangata, lochokera kwa mneni kuthangata, ndiko kuthandiza. Pano, monga m'dzina la Mthandizi, liu la chifundo lidavekedwa pa chinthu choŵaŵa, ndipo tanthauzo latsopanolo lidameza lakale. Si mau obwereka okha amene amasunga mbiri. Ngakhale mau a eni dziko amapindika ndi kulemera kwa zimene adanyamula.

Obwerawo adatchedwa Anguru, dzina limene iwo adalimva ngati chitonzo. Lewis Mataka Bandawe, amene adagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, adatsogolera bungwe la Alomwe lokhazikitsidwa mu 1943, limene lidapempha boma kuti lileke dzinalo m'zolemba zake, ndipo boma lidavomera. Mbiri ya moyo wake, imene adaikonza Bridglal Pachai, idatuluka mu 1971 ndi mutu wakuti Memoirs of a Malawian. Munthu amene adapereka zaka zake ku Chilomwe adasiya chikumbukiro chake m'Chingerezi, pansi pa dzina la fuko latsopano, zaka zitatu chitasankhidwa Chicheŵa kukhala chinenero cha dziko lonse.

Buku la Landeg White, Magomero: Portrait of an African Village, la mu 1987, litsata dera limodzi kuyambira 1859 kufikira 1985: kufika kwa amishoni a U.M.C.A. mu 1861, minda ya A. L. Bruce, kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndi moyo wa Alomwe amene adadzalima mindayo. Mphamvu yake ili m'kuika umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, akazi omwe, pambali pa makalata a m'nkhokwe za boma ndi za mishoni. Apa wosamutsidwa ayankhula yekha, chinthu chimene sitidachipeze mwa Nthondo. Komabe mau a anthuwo amatifika kwakukulu m'Chingerezi, ndipo wophunzira zinenero amatsala akulakalaka kumva pamene wosimba adasiya Chinyanja naloŵetsa liu la Chilomwe, pakuti pamenepo ndi pamene chikumbukiro chimaonekera poyera.

Ziŵerengero zitsimikiza zimene mabukuŵa asonyeza. Pa kalembera wa 1966 anthu oposa 14 pa 100 alionse adati chinenero chawo cha pakhomo ndi Chilomwe. Pa kalembera wa 1998 adatsala osakwana 3 pa 100. Koma pa kalembera wa 2018, amene adafunsa za mtundu, pafupifupi 19 pa 100 adadzitcha Alomwe. Mafunsowo ngosiyana, ndipo kusiyanako ndiko phunziro lake: chinenero chidatsika, dzina lidaima. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, lokhazikitsidwa m'nthaŵi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, lidasunga m'dzina lake lomwe kamvekedwe ka lh kamene Chicheŵa chilibe, ndipo kwa zidzukulu zambiri dzinalo, pamodzi ndi gule wa tchopa ndi mau oŵerengeka a malonje, ndicho Chilomwe chimene chawatsalira.

7. Matchona kumene adatchonera

Tibwerere kwa matchona, koma tsopano tiime kumbali yawo. Zoë Groves, m'buku lake la mu 2020, Malawian Migration to Zimbabwe, 1900–1965: Tracing Machona, adalondola anthu a ku Nyasaland mu mzinda wa Salisbury. Chimene asonyeza nchakuti anthu amene kwawo adawayesa otayika adali otanganidwa ndi kukumbukira. Adamanga mipingo, adakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro ndi mabungwe a anthu ochokera dera limodzi, naloŵanso m'mabungwe a antchito ndi m'ndale za kumeneko. Sinodi ya Harare ya C.C.A.P. idaphuka pa ntchito imene Mishoni ya ku Nkhoma idayamba mu 1912 pakati pa antchito ameneŵa. M'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe gule wamkulu adavinidwa mibadwo ingapo, ndi nyimbo zake za Chicheŵa, ngakhale pakati pa zidzukulu zimene chinenero chawo cha tsiku ndi tsiku chidasanduka Chishona kapena Chindebele. Njira ndi yomwe ija ya Angoni ndi Alomwe: chinenero chichoka pakhomo, chitsalira pa bwalo la mwambo, pa maliro ndi m'tchalitchi.

Eni dziko adawatcha mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, ngakhale ochokera ku Dedza kapena ku Nkhata Bay. Munthu mmodzi adanyamula maina aŵiri, ndipo onse aŵiri adamuika kunja: kwawo mtchona, kumene adakhala mlendo. Lamulo la unzika la ku Zimbabwe la mu 2001 lidasiya zidzukulu zambiri za antchito aja zopanda dziko. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira komweko amene kholo lawo lidachokera ku maiko a SADC, ndipo adaika Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Chinenero chimene chidapita kumwera m'kamwa mwa anyamata ofuna ndalama ya msonkho chidaloŵa m'malamulo a dziko lina.

Pa mabuku onse amene taunika muno, nkhani zopeka zaima pakhomo pa otsala, ndipo mtchona aonekamo ngati wobwerera kudzalapa kapena wobwera kudzasokoneza. Mabuku a nkhani zochitikadi ndiwo adamtsata kumene adapita. Koma mabuku amenewo, kupatula a Ntara ndi Chibambo, ali m'Chingerezi, kotero kuti anthu amene mbiri yawo yalembedwamo ndiwo otsiriza kuiŵerenga.

8. Zofunika kwa okonza ndondomeko ya zinenero

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chitchedwe Chicheŵa ndi kukhala chinenero cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, lidaika malamulo a kalembedwe ndi kuongolera kayankhulidwe, potsamira pa Chicheŵa cha m'chigawo cha pakati. Mu 1996 malo ake adatengedwa ndi Centre for Language Studies, imene idapatsidwa udindo wosamala zinenero zonse za m'dziko, nitulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito yoongolera chinenero njofunika, koma ili ndi chiyeso chake: kufuna Chicheŵa choyera, chopanda mau a m'njira. Zimene taona pamwambapa zisonyeza kuti Chicheŵa chotere chikadakhala chinenero cha anthu amene sadayendepo ndipo sadalandirepo mlendo. Anthu otere m'Malaŵi mulibe.

Chotero tipereka mfundo zitatu. Yoyamba, mtanthauziramau aliyense asamangonena tanthauzo la liu, koma pamene umboni ulipo anenenso kumene lidachokera ndi njira imene lidadzera. Mwana wa sukulu wopeza liu lakuti nduna, chibalo kapena thangata ayenera kupeza pomwepo mzere umodzi kapena iŵiri ya mbiri yake.

Yachiŵiri, kujambula mau a anthu amene adayenda maulendoŵa ndi ntchito yosayenera kudikira. Amuna amene adabwera ku Theba mu 1988 akalamba, ndipo amene adaona thangata ndi maso atsala oŵerengeka. Mau awo alembedwe monga adatulukira m'kamwa, ndi Chifanakalo chake, Chishona chake ndi Chilomwe chake chomwe, osawakonza kuti agwirizane ndi galamala ya m'kalasi. Kumasulira kubwere pambuyo, ndipo kuikidwe pambali pa mau enieniwo, osati m'malo mwake.

Yachitatu, mabuku onga a Kayira, Bandawe, White ndi Groves amasuliridwe m'zinenero za anthu amene akambidwamo. Womasulira Jingala adzapeza kuti dzina la Muchona silifunanso kufotokozedwa, ndipo womasulira Magomero adzayenera kubwerera kumudziko kukafunsa mau amene anthu adanenadi.

Potsiriza tichenjeze za mfundo yathu yomwe. Kunena kuti chikumbukiro chimapulumuka m'mau oŵerengeka sikutanthauza kuti kutha kwa chinenero nkopanda kanthu. Mau otsalawo amasunga mbiri pokhapokha pali wina wodziŵa kuwamasula. Akasoŵa wotere amasanduka mau wamba, monga lidachitira liu lija lakuti nduna. Ndiponso mwambo wa kamodzi pa chaka, ngakhale ukhale waukulu ngati Umthetho wa ku Mzimba kapena chikondwerero cha Mulhako, umasunga dzina ndi gule, koma subwezera chinenero pakhomo. Chinenero chimabwerera pamene mwana achimva kwa omlera ndi kuchipezanso m'makalasi oyamba a sukulu. Okonza ndondomeko asiyanitse ntchito ziŵirizi, kusunga chikumbukiro ndi kusunga chinenero, ndipo anene poyera imene asankha kuichita ndi chuma chimene ali nacho.